Ndodo, felemu ndi chikuku: kusankha ndi kuyeza chothandizira kuyenda

Anthu ovutika kuyenda savutika mofanana. Wina miyendo ili ndi mphamvu koma amadzandira, akatembenuka mwadzidzidzi amapezeka ali pansi. Wina sadzandira, koma bondo kapena chiuno chimamupweteka akapondetsa thupi lonse. Wina anathyoka mwendo ndipo adokotala amuletsa kuupondetsa kwa masabata angapo. Wina miyendo yonse inafooka chifukwa cha poliyo kapena kuvulala msana. Palinso wina amene miyendo ili bwinobwino, koma mtima kapena mapapo samulola kufika patali asanayambe wefuwefu. Anthu onsewa mukawapatsa chipangizo chimodzimodzi, chithandiza mmodzi, enawo chiwavuta kapena kuwavulaza kumene. N'chifukwa chake a mafizo asanatchule chipangizo chilichonse amayamba afufuza chimene chikulepheretsa munthuyo kuyenda: kodi ndi kudzandira, kulemera kwa thupi pa mwendo wodwala, kapena kutopa?

Lipoti limene World Health Organization ndi UNICEF anatulutsa mu 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafunika chipangizo chowathandiza pa moyo wa tsiku ndi tsiku, monga magalasi, zothandizira kumva ndi zoyendera, ndipo pafupifupi 1 biliyoni mwa iwo sazipeza. Komatu pali gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri, la anthu amene chipangizo ali nacho koma si cha msinkhu wawo, kapena palibe anawaphunzitsa kagwiritsidwe kake. Ngozi zambiri zochokera ku zipangizozi zimayambira pamenepa.

Ndodo

Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino. Ambiri amachita zosiyana, poganiza kuti ndodo iyenera kukhala pafupi ndi mwendo wodwala kuti iuchirikize. Chifukwa chake cha lamuloli chili m'chiuno. Poyenda pamakhala kanthawi kamene munthu amaima pa mwendo umodzi, ndipo thupi limafuna kupendekera mbali ya mwendo umene wanyamuka. Minofu ya m'mbali mwa chiuno ndiyo imakoka kuti chiunocho chisapendeke, koma poti ili pafupi kwambiri ndi mfundo, imakoka mwamphamvu zedi, moti mfundo ya chiuno imapanikizika ndi mphamvu yokwana kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri ndi theka kapena katatu. Ndodo ikakhala mbali inayo imakhala kutali ndi mfundoyo, ndipo dzanja likangokankha pang'ono, minofu ija imapeputsidwa ntchito yaikulu, monga mmene sipanala yaitali imamasulira nati yolimba ndi mphamvu yochepa. Ndodo ndi mwendo wodwala zimapita patsogolo limodzi, kenako mwendo wabwino n'kutsatira. Mayendedwe amenewa amagwirizananso ndi mmene manja amagwedezekera mwachibadwa. Wogwirira ndodo mbali yodwala amapendekera komweko pa sitepe iliyonse, ndipo msana suchedwa kuyamba kuwawa.

Poyeza kutalika, munthu aime chilili atavala nsapato zimene amayendera masiku onse, manja atawagwetsa m'mbali. Chogwirira cha ndodo chifike pamfundo ya dzanja, paja pamakhala wotchi. Akaigwira, chigongono chipinde pang'ono, madigiri 20 mpaka 30. Ndodo yaitali imakweza phewa ndipo dzanja silitha kukankha bwino. Yaifupi imaweramitsa munthu n'kumukokera kutsogolo. Ndodo yachitsulo imakhala ndi kabatani kosinthira kutalika, ndipo kabataniko kayenera kutulukira konse pabowo, osati theka. Yamtengo ndi yochita kudula: itembenuzeni, chogwirira chikhale pansi, ikani chizindikiro pomwe yafika pamfundo ya dzanja, ndipo dulani mosiyako pang'ono. Yotalika mutha kuidulanso, koma yofupika ndiye basi.

Kunsi kwa ndodo kumakhala kachipewa ka mphira, ndipo kanthu kakang'onoka ndiko kamagwetsa anthu ambiri kakatha. Mizere yake ikasalala, kapena kakadyeka mbali imodzi, ndodo imatsetsereka pa simenti yonyowa ndi pa matayilosi. Nthawi zina chitsulo cha ndodo chimaboola mphirayo mkati osaonekera kunja, n'chifukwa chake tizipewa tabwino timakhala ndi kachitsulo kozungulira mkati. Timagulitsidwa malinga ndi kunenepa kwa ndodo, kawirikawiri mamilimita 19, 22 kapena 25, choncho yezani ndodo musanagule. Kokhwepa kamavuka munthu ali pakati pa sitepe.

Ndodo ya timiyendo tinayi imathandiza munthu amene mbali imodzi ya thupi inafooka ndi sitiroko, poti imaima yokha ndipo sigwedezeka. Imafuna kuti timiyendo tonse tifike pansi nthawi imodzi, mbali yake yosalala ili kwa mwiniwake kuti asapunthwe. Pa nthaka ya mabampu imagwedera, ndipo imachedwetsa munthu woyenda mwachangu.

Malire a ndodo ndi akuti siinyamula thupi kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukaona ndodo ikunjenjemera m'dzanja, kapena munthu akugwira ndodo uku dzanja linalo likufufuza khoma ndi mipando, ndiye kuti yamuchepera ndipo akufunika chogwira ndi manja awiri.

Pa masitepe lamulo ndi limodzi, kaya ndi ndodo imodzi kaya ziwiri: pokwera umatsogola mwendo wabwino, potsika umatsogola wodwala pamodzi ndi ndodo. Mwendo umene uli pamwamba ndiwo umagwira ntchito yolemetsa, pokwera umakweza thupi, potsika umapinda pang'onopang'ono kulitsitsa.

Ndodo za m'khwapa ndi za pachigongono

Munthu wothyoka kapena wochitidwa opaleshoni asanatuluke m'chipatala, iye ndi omusamalira afunse kuti mwendowo ukuloledwa kuponda motani. Pali kusaponda n'komwe, pali kungokhudzitsa zala pansi, pali kuponda ndi gawo la thupi, ndiye pali kuponda mmene ululu ukulolera. Mawu akuti "muziponda pang'ono" aliyense amawamva mwake. Njira yosavuta ndi kuponda pa sikelo ndi mwendo wodwalawo mpaka ifike makilogalamu amene adokotala anena, kubwereza kangapo mpaka thupi lizolowere kuti kuponda kotere kumamveka bwanji.

Ngakhale zimatchedwa za m'khwapa, ndodozi siziyenera kukhudza m'khwapa. Munthu ataima, nsonga zake zili masentimita pafupifupi 15 kutsogolo ndi m'mbali mwa phazi, pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti masentimita 4 kapena 5. Zogwirira zikhale pamfundo ya dzanja, ngati mmene zilili ndi ndodo wamba. Mutu wa ndodo umapanidwa pakati pa mkono ndi nthiti, ndipo thupi limanyamulidwa ndi manja. M'khwapa mumadutsa mitsempha yoyendetsa mkono wonse, ndipo munthu akamatsamira pamenepo tsiku ndi tsiku, mtsempha wodzutsa dzanja umapanikizika. Poyamba kumachita dzanzi kuseri kwa dzanja, kenako dzanjalo limangolendewera, osatheka kulidzutsa. Kawirikawiri limachira kupanikizako kukaleka, koma zimatenga masabata mwinanso miyezi, munthu ali ndi mwendo wodwala kale. Ena amakulunga nsanza pamutu pa ndodo kuti pafewe. Kutero kumangotseka mpata wa zala zitatu uja n'kumukopa munthu kuti azitsamira kwambiri.

Amene akusunga mwendo umodzi kuti usalemedwe amapititsa ndodo zonse ziwiri patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwala, kenako mwendo wabwino. Amene miyendo yonse ndi yofooka koma imaponda amayenda mosinthanitsa: ndodo yakumanja, phazi lakumanzere, ndodo yakumanzere, phazi lakumanja. N'kochedwa, koma nthawi zonse zinthu zitatu zimakhala zili pansi. Pofuna kukhala pampando, munthu abwerere mpaka mpando umukhudze kuseri kwa miyendo, aike ndodo zonse m'dzanja la mbali yodwala, dzanja linalo ligwire mpando, ndiye atsike.

Wogwiritsa ntchito ndodo kwa zaka zambiri, monga amene anadwala poliyo, zimamuyenera ndi za pachigongono. N'zopepuka, sizifika m'khwapa, ndipo chibangili chake chimagwira mkono moti munthu atha kutsegula chitseko ndodo osagwa. Chibangilicho chikhale masentimita 3 kapena 4 pansi pa chigongono kuti mkono uzipinda. Zimafuna manja amphamvu ndi thupi lokhazikika kuposa za m'khwapa.

Felemu

Felemu ya miyendo inayi, chitsulo chogwira ndi manja awiri chimene munthu amaima mkati mwake, ndiyo yokhazikika kuposa zonse zoyenda nazo chilili. Kutalika kumayezedwa chimodzimodzi, pamfundo ya dzanja. Munthu amainyamula, n'kuiika patsogolo mtunda wa sitepe imodzi, miyendo yonse inayi pansi, kenako n'kulowetsa mwendo wofooka, wabwino pambuyo. Akaiponya patali amawerama n'kugwa chafufumimba. Akalowa kwambiri mpaka mimba kugunda chitsulo chakutsogolo amagwa chagada. Ngozi yofala kwambiri imachitika podzuka pampando. Munthu amagwira felemu n'kudzikoka, felemuyo n'kupendekera kwa iye. Podzuka manja akankhe pampando, ndipo felemu igwiridwe munthu ataima kale.

Amene amadzandira akanyamula felemu, komanso odwala matenda a Parkinson amene mapazi amawamatirira pansi akangoima, amachita bwino ndi ya matayala awiri kutsogolo, poti imangokankhidwa osadula mayendedwe. Ya matayala anayi, yokhala ndi mabuleki ndi pokhalira, ndi ya munthu amene vuto lake ndi kutopa kapena kubanika. Si yonyamulira thupi, chifukwa ukaitsamira kwambiri imathawa. Mabuleki amangidwe munthu asanakhale, ndipo asakankhidwe atakhalapo, poti kamwala kakang'ono kutsogolo n'kokwanira kuigubuduza. Felemu ya mtundu uliwonse siikwera masitepe.

Chikuku

Mabanja ambiri amazengereza kutenga chikuku, chomwe ena amati njinga ya olumala, poopa kuti wodwala aleka kuyesetsa kuyenda. Nkhawa imeneyi imasunga anthu m'nyumba zaka. Munthu atha kuyenda ndi ndodo m'nyumba, n'kugwiritsa ntchito chikuku popita kutali, ndipo palibe chimene wataya. World Health Organization imayerekeza kuti munthu mmodzi pa 100 aliwonse, pafupifupi anthu 80 miliyoni padziko lonse, amafunika chikuku. Malangizo amene bungweli linatulutsa mu 2008 amagawa ntchito yopereka chikuku m'magawo 8, ndipo kugula ndi gawo limodzi chabe. Enawo ndi monga kumuunika munthu, kumuyeza, kusintha chikuku kuti chimukwane, kumuphunzitsa, ndi kudzamuonanso pambuyo pake.

Chikuku chija cha m'zipatala, chopinda, cha pokhalira pa nsalu, chinapangidwira kusamutsa wodwala kwa mphindi zochepa. Munthu akakhalamo tsiku lonse, nsaluyo imalendewera pakati, mawondo amagundana, chiuno chimapendeka, ndipo msana umatsatira.

Miyezo yofunika ndi iyi. M'lifupi, pokhalira pafanane ndi chiuno cha munthu, pongotsala mpata woti chikhatho chilowe mbali iliyonse. Pakakula munthu amapendekera mbali imodzi ndipo amatambasula manja kuti afike matayala. Pakachepa pamakhula khungu la m'mbali mwa chiuno. M'litali, munthu atakhala mpaka kumbuyo, pakati pa mapeto a pokhalira ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Pokhalira pakatalika pamadinda kuseri kwa bondo, ndipo munthu amatsetserekera kutsogolo n'kukhalira fupa la kumapeto kwa msana. Popondera mapazi pakhale poti ntchafu zigone bwino pakhushoni. Pakakwera, mawondo amanyamuka ndipo thupi lonse limatsikira pa mafupa awiri a m'matako. Pakatsika kwambiri pamagunda pansi, choncho pasiyane ndi nthaka masentimita osachepera 5. Wodziyendetsa yekha amafuna chotsamira chosapitirira mafupa a kumsana kwa mapewa kuti manja azimasuka, pomwe amene thupi silikhazikika amafuna chachitali.

Muyezo umene umaiwalika kawirikawiri ndi wa pomwe matayala aakulu ali. Munthu atakhala mowongoka, manja atawagwetsa, chala chapakati chifike pakati pa tayala. Matayala akakhala kumbuyo kwambiri, thupi limalemetsa timatayala takutsogolo, chikuku chimalemera kupalasa, ndipo mapewa amatha msanga. Akasunthira kutsogolo chimapepuka ndi kukhota mosavuta, koma chimapendekera chagada msanga, choncho woyamba kumene amafunika titsulo takumbuyo toletsa kugubuduka. Munthu wodulidwa miyendo yonse iwiri alibe cholemera kutsogolo, ndipo iye matayala amabwezedwa kumbuyo mwadala. Popalasa, kukankha kwakutali kosalala, dzanja likubwerera pansi pa chitsulo chopalasira, kumasunga mapewa kuposa kugogoda pafupipafupi. Kwa munthu wa pachikuku mapewa ndiwo miyendo, ndipo akawonongeka zimavuta ngakhale kusamukira pabedi.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi zilonda zobwera chifukwa chokhalira malo amodzi. Fupa likapanikiza mnofu pa chinthu cholimba, magazi safikapo, ndipo mnofuwo umayamba kufa kuchokera mkati, pafupi ndi fupa. Pamene khungu likuboola, pansi pake pamakhala pawonongeka kale. Munthu wamba akamva kuwawa amasuntha osadziwa n'komwe, koma wovulala msana samva kanthu. Malo oyang'ana ndi mafupa awiri a m'matako, fupa la kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi zidendene, m'mawa ndi madzulo, ndi kalilole kapena wina womuthandiza. Pakhungu loyera pamafiira, ndipo kufiirako sikuchoka ngakhale padindidwe ndi chala. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye muyang'ane pomwe pada kuposa pozungulira, potentha, polimba kapena potupa. Chizindikirocho chikapanda kuzimiririka patatha mphindi 30 munthu atachokapo, asakhalirenso pamenepo mpaka pachire, ndipo aonane ndi achipatala. Chilonda chozama chimagoneka munthu miyezi, ndipo chikalowa tizilombo chimapha.

Choteteza ndi khushoni yoyenera pamodzi ndi kusuntha. Khushoni imakhala ya siponji yolimba yosemedwa kuti mafupa a m'matako alowe, ya jelo, kapena ya mpweya. Poiyesa, lowetsani chikhatho pansi pa fupa la m'matako munthu atakhala. Mukamva fupalo likudinda zala zanu pa thabwa la pansi, khushoniyo yatha kapena ndi yopyapyala. Pilo wogonera amaphwa nthawi yomweyo. Khushoni ya bowo pakati, yooneka ngati tayala, imapanikiza mozungulira n'kutseka magazi pomwe mukufuna kupateteza. Pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse munthu aweramire kutsogolo, chifuwa chiyandikire mawondo, kapena apendekere mbali iyi kenako inayo, kwa mphindi imodzi kapena iwiri. Kudzinyamula ndi manja kwa masekondi ochepa sikupatsa magazi nthawi yobwerera, ndipo kumalemetsa mapewa. Khungu lonyowa ndi thukuta kapena mkodzo limang'ambika msanga, ndipo msoko wokhuthala wa thalauza kapena kiyi woiwalika m'thumba lakumbuyo n'zokwanira kuyambitsa chilonda.

Posamuka pachikuku, mabuleki onse awiri amangidwe, popondera pachotsedwe kapena papindidwe, ndipo timatayala takutsogolo tiyang'ane kutsogolo. Woima papopondera amadzutsa chikuku kumbuyo n'kugwa nacho. Womuthandiza ayambe wafunsa asanagwire chikuku cha munthu. Pokwera sitepe imodzi, aponde kachitsulo kakumbuyo kuti timatayala tikwere kaye, kenako akankhe matayala aakulu. Potsika, atsike chobwerera, iye ali kumunsi. Ponyamula agwire thupi lenileni la chikuku, osati zoikapo mikono kapena popondera, poti zimenezi zimazuka.

Potsetsereka polowera m'nyumba pali muyezo wodziwika wa 1 pa 12: sentimita iliyonse yokwera imafuna masentimita 12 a kutalika. Sitepe ya masentimita 15 imafuna potsetsereka pa masentimita 180, ndipo khonde lokwera masentimita 30 limafuna mamita 3.6. Omanga ambiri amafupikitsa kuti asunge malo, mapeto ake n'kukhala chitunda choti mwini chikuku sangakwere yekha. Khomo lisachepere masentimita pafupifupi 80, ndipo potembenukira pamafunika malo a masentimita 150 mbali zonse. Kumene njira ndi ya mchenga kapena miyala, timatayala tating'ono timatitimira. Kumeneko chimachita bwino ndi chikuku chachitali cha matayala atatu, chokhala ndi tayala limodzi lalikulu kutsogolo, ngakhale kuti m'chipinda chopanikizana chimavuta kukhota. Pa maulendo aatali pali njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja.

Kasamalidwe n'kosavuta koma kamafuna kusaiwala. Mpweya wofunika umalembedwa m'mbali mwa tayala. Tayala lophwa limalemetsa kupalasa, komanso limapha mabuleki, poti buleki ya chikuku imagwira podinda tayalalo. Choncho buleki ikayamba kulekerera, popani kaye musanaisunthe. Chikuku chikamakokera mbali imodzi, mwina tayala limodzi laphwa kapena katayala kakutsogolo kakulungidwa ndi tsitsi ndi ulusi pa chitsulo chake. Masulani bawuti, chotsani zinyalalazo, thirani mafuta pang'ono. Sipoko yokhwepa imapinditsa tayala, ndipo wokonza njinga zakapalasa aliyense atha kuimanga. Munthu wamkulu ayezedwenso akanenepa kapena kuwonda kwambiri, kapenanso matenda ake akasintha. Mwana amakula chikuku chili chomwecho, ndiye pakapita miyezi pafupifupi 6 aonedwenso: mpata wa kuseri kwa bondo ukapitirira zala zinayi, kapena chikhatho chikakana kulowa m'mbali mwa chiuno, pokhalira ndi popondera pasunthidwe, ndipo ngati sipasunthika pafunika chikuku china.